Khomo la Digiri ya Kompyuta ndi Masamu



Lamulungu lapitali, Misa itatha, tinabisala dzuwa la kuno ku Nchalo pansi pa mtengo wa nimu. Mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa ngati munthu amene sanakhudzepo kompyuta angakaiphunzire ku yunivesite. Tinakhala duu, pakuti nafenso tinkayesa kuti maphunziro amenewa ndi a ana a ku Blantyre okha.

Titafufuza, tinapeza kuti University of Malawi ku Zomba ndi MUST ku Thyolo amafuna makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu. Safunsa ngati kwanu kuli magetsi. Kulemba mapulogalamu amakaphunzitsa komweko m'zaka 4 za digiriyo, koma maziko a masamu munthu amachoka nawo kusekondale.

Carlo Acutis, amene Mpingo unamuika m'gulu la oyera mu 2025, anatumikira Ukaristia ndi luso la kompyuta. Nafenso Mulungu anatipatsa nzeru, tisazikwirire poopa masamu.

Tagwirizana zokumana Loweruka lililonse muholo ya parishi kuti tizithandizana masamu. Bwerani ndi kope ndi pensulo. Ambuye akudalitseni.