Kansomba kofiira ka m'zithaphwi za ku Chilwa

Ndinakadziwira pa YouTube. Munthu wina wa ku Ulaya amaonetsa kathanki kake kagalasi kodzaza zomera, ndipo mkatimo munkasambira kansomba kofiira psuu, kamamba onyezimira ngati a buluu. Pansi pa vidiyoyo analemba kuti: Nothobranchius kirki, Malawi. Ndinachita kuimitsa kaye. Ine wobadwira ku Zomba konkuno, koma ndinali ndisanakaonepo!

Loweruka lina mu February ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Msewu unali matope okhaokha. Tikuyandikira, chilumba cha Chisi chinaonekera patsogolo, uku ndi uku kuli minda ya mpunga. Padoko panali piringupiringu, anthu akulimbirana matemba ndi milamba.

"Achemwali, nyanja ndi iyi. Nanga mukubwereranso kuti?" anandifunsa wakabazayo.

Ndinamuuza kuti nsomba yangayo siikhala m'nyanja. Asayansi anailemba m'mabuku mu 1969, ndipo ili m'gulu la nsomba zomwe pa Chingerezi amati killifish. Kwawo ndi m'zithaphwi ndi m'madambo omwe amadzaza m'dzinja n'kuuma gwaa m'chilimwe.

Tinaima pa chithaphwi china m'mbali mwa msewu, pomwe anyamata awiri amavuula ndi neti yakale ya udzudzu. Nditawaonetsa chithunzi pafoni anaseka. Sipanathe mphindi khumi, kanali kali m'chigubu changa, kotalika ngati chala, kofiira kuposa mu vidiyo muja.

Agogo ena omwe amapalira chapafupi anabwera kudzasuzumira. "Mwanangu, mwavutikira timeneti? Si ndiwo iti. Makolo ankati timagwa ndi mvula."

Anali ndi chifukwa chonenera choncho, poti chithaphwicho sichikumana ndi mtsinje uliwonse. Chinsinsi chili m'matope. Madzi asanaphwe, tinsombati timaikira mazira pansi. Tokha timafa, koma mazira aja amagona m'dothi louma miyezi yambiri mpaka mvula idzawadzutse. Tikaswa timakula mofulumira, pakangotha milungu yochepa nato tayamba kuikira. Ku dera lomwe nyanja yeniyeniyo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, moyo wotere ndi nzeru.

Koma agogowo anandilozera malire a munda wawo. Chaka chamawa akufuna kuthyola mphanje mpaka pachithaphwipo, adzalepo mpunga. Sindinawatsutse, ali ndi zidzukulu zofuna kudya. Kungoti mumtima ndinadziwa kuti akadzakumba ngalande, madzi aziphwa msanga tinsomba tisanaikire.

Ndinabwerako ndi katonde kamodzi ndi tiwiri tatikazi, totuwa, topanda zokongoletsa. Tiamuna tiwiri m'thanki yaing'ono timamenyana, ndiye musayerekeze. Yanga ndi ya malita 30, ili pashelefu kuchipinda. Ndinaikamo Java moss kuti tatikazi tizibisalamo, ndipo pamwamba ndimavindikira chifukwa timadumpha. Chakudya ndi mphutsi za udzudzu zomwe ndimawola ndi kasefa m'chidebe kuseri kwa nyumba. Zakudya zouma za m'sitolo sitizikonda kwenikweni.

Pakona ya thanki pali kambale ka peat, dothi lofewa lija amagulitsa ogulitsa maluwa. M'menemo ndi momwe timaikira. Pakatha milungu iwiri ndimalitulutsa, kulifinya kuti litsale lachinyontho chabe, kulimanga m'kajumbo n'kulembapo tsiku.

Amayi amandiseka kuti ndikuweta nsomba zosakwana ndi chipande chomwe. Zoona, ndiponso sitikhalitsa: chaka sichitha tisanakalambe n'kufa. Katonde kaja kayamba kale kufooka. Koma mukabati yanga muli tijumbo tinayi. Mvula yoyamba ikadzagwa ndidzatchera madzi m'beseni, n'kukhuthuliramo dothi lija, ndione ngati Chilwa angadzuke m'chipinda mwanga.