Nkhwangwa yobwereka: zomwe intavyu ya mwana wina inandiphunzitsa

 Lero ndati ndiulule cholakwa changa chimodzi. Chakhala chikundivuta mumtima kuyambira 2024, ndipo ndaona kuti ndikangokhala nacho chete, mnzanga wina kwinakwake adzachibwereza pa mwana wa eni.

Nkhaniyi ndi ya mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Biology kuyambira folomu 3. Dzina lake ndilisunga, ngakhale ena a inu mumudziwa ndisanamalize n'komwe. Analemba mayeso a MSCE mu 2023 ndipo anakhoza bwino ndithu. Anali ndi makirediti m'Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, zomwe makoleji a unamwino amafuna. Ku mayunivesite a boma, kumene amasankha kudzera ku NCHE poyang'ana zomwe mwana anapeza pa mayeso, dzina lake silinatuluke. Ndiye anafunsira malo ku koleji ina ya unamwino ya mishoni kumtundaku, ndipo anamuitana ku intavyu, yolemba kenaka yapakamwa.

Uthenga utafika, mayi ake anabwera naye kunyumba kwanga madzulo. Anakhala pansi pakhonde n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwanayu ndi wanu. Ife za intavyu sitizidziwa. Mumuuze zokayankhula kumeneko."

Ine ndinachitadi momwemo. Ndinatenga pepala n'kulemba mafunso khumi amene ndinkaganiza kuti akamufunsa, ndipo pansi pa funso lililonse ndinalembapo yankho. Chingerezi chake chinali chosalala, cha munthu wa dipuloma yake. Pa funso loti n'chifukwa chiyani akufuna unamwino, ndinamulembera kuti wakhala akulakalaka ntchitoyi kuyambira ali mwana, kuti ali ndi mtima wachifundo, ndiponso kuti akufuna kutumikira dziko lake. Masabata awiri athunthu ankabwera tikaweruka, tikhale pansi pa mtengo wa nimu, ine kufunsa iye kulakatula. Analoweza zonse osaphonya liwu.

Tsiku lina ali mkati molakatula anaima n'kundifunsa kuti, "Sala, nanga za kukampu zija ndisakanene?"

Ndinamuyankha mwachangu. "Za kukampu zisiye. Anthu ajawo sakufuna kumva mavuto ako. Iwe ukanene zomwe zili papepalapo."

Kwa inu amene muli kutali, ndifotokoze za kukampuko. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwa, madzi anadzaza kudimba konse ndipo mabanja ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Nthawi imeneyo kolera anali atavuta kale, mliri uja unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Banja la mtsikanayu linakhala pa kampu masabata angapo. Poti ndi mwana wa sekondale, alangizi a zaumoyo ankamutuma kuthira klorini m'zidebe za madzi ndi kuonetsa amayi kasungunulidwe ka Thanzi. Usiku wina mlongo wake wamng'ono anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Iye anachezera kumumwetsa Thanzi ndi sipuni, pang'onopang'ono, mpaka kunja kutacha n'kuthamangira naye kuchipatala. Mwana uja ali moyo lero, ali sitandade 4. Zimenezi ndi zomwe ine ndinati azisiye.

Bambo ake anagulitsa mbuzi kuti apeze ya thiransipoti. Ulendo wake mukuudziwa: kabaza mpaka pa boma la Nsanje, minibasi kudutsa Bangula, Ngabu, Nchalo, kuwoloka Shire pa Chikwawa, kenaka kukwera zitunda za pa Thabwa makutu akutsekeka. Atabwerako sanabwere kudzandiona. Ndinachita kumulondola kwawo patatha masiku anayi, ndipo anandifotokozera akuyang'ana pansi.

Yolemba ija akuti inayenda bwino. Atalowa m'chipinda cha yapakamwa anapeza anthu anayi atakhala kuseri kwa tebulo. Funso loyamba linalidi la papepala lija, ndipo anayamba kulakatula. Asanafike pakati, mayi wina pa gulupo anamudula mwaulemu n'kumuuza kuti mawu amenewo awamva kale kwa anzake ambiri tsikulo. Kenaka anamufunsa kuti, kwanu ku Nsanje ndi matenda ati amene amavuta madzi akasefukira, nanga munthu wodwala mungamuthandize bwanji asanafike kuchipatala?

Anzanga, funso limeneli mwanayu akanatha kuliyankha ali mtulo. Koma papepala panga panalibe. Komanso sala ake anali atamuuza kuti za kukampu n'zosanena. Anangoti kukamwa yasa, maso pansi, mawu osatuluka. Malo sanamupatse, ndipo anthu ajawo sindingawanene. Iwo anafunsa funso labwino. Amene anamutseka pakamwa ndine. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ine ndinamutumiza mwana wa eni kunkhalango ndi nkhwangwa yanga, yake yakuthwa nditamulanda.

Nditakhala pansi n'kuganiza, ndinaona kuti vutoli si la mwana mmodzi. Taonani mmene timawalerera ana athu kuno. Kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja. Chichewa cha m'mabuku amakachipeza kusukulu, Chingerezi n'kubwera pambuyo pake. Zaka zinayi za sekondale timawaphunzitsa kulemba chimangirizo ndi kuyankha mafunso a mayeso akale, chifukwa a MANEB amayesa zolemba. Mwana atha kupeza 3 m'Chingerezi asanayankhulepo chiganizo chathunthu pamaso pa mlendo. Ndiye tsiku limodzi tikumuimika pamaso pa anthu anayi osawadziwa kuti adzifotokoze yekha kwa mphindi khumi.

Chachiwiri ndi ulemu. Kwathu kuno mwana woyang'ana wamkulu m'maso timamuti ndi wamwano. Mtsikana woleredwa bwino amayankhula motsitsa, amayang'ana pansi, ndipo sanena zabwino zomwe wachita, kuopa kumveka wodzitama. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikuti tiutaye. Koma munthu amene akusankha namwino akufuna aone ngati mwanayu adzatha kuyankhula ndi wodwala wamantha, kapena kuuza dokotala molimba mtima kuti wodwala uyu zafika poipa. Akaona mwana wangoti zyoli, amaganiza kuti sakudziwa kanthu. Ife aphunzitsi tiyenera kumuuza mwana poyera kuti m'chipinda chimenecho kudzutsa mutu si mwano ayi.

Kuyambira nthawi imeneyo, ine ndi anzanga awiri tinasintha kachitidwe. Lachisanu masana timaika tebulo m'kalasi, ife atatu kuseri kwake, mpando umodzi kutsogolo. Mwana amagogoda, kulowa, kupereka moni, kudikira kuti auzidwe kukhala. Sitimupatsa yankho lolembedwa. Timayamba ndi kumufunsa m'Chisena kapena m'Chichewa kuti atiuze chinthu chimodzi chomwe anachitapo ndi manja ake chokhudza ntchito imene akufuna. Wofuna uphunzitsi atiuze za mng'ono wake amene anamuphunzitsa kuwerenga. Wofuna zaulimi atiuze za mapira ndi mchewere wa bambo ake, ndi chifukwa chake mbewu zimenezi zimapirira kuno kumene chimanga chimapserera. Akafotokoza bwinobwino m'chiyankhulo chake, m'pamene timamuuza kuti anenenso zomwezo m'Chingerezi chake chomwe ali nacho. Chikhale chothyokathyoka, bola chikhale chake. Tikamudula pakati ndi funso lina sasokonezeka, chifukwa nkhani yomwe munthu anaiona ndi maso ake saiiwala.

Timawaphunzitsanso mawu awiri amene ana athu amachita nawo manyazi: kupempha kuti funso alibwereze, ndi kuvomera kuti chakutichakuti sindikuchidziwa. Safunsa anadya phula. Zina ndi zing'onozing'ono koma zagwetsa ambiri: satifiketi kapena chikalata cha zotsatira za mayeso chikhale chenicheni osati fotokope yokha, chitupa cha unzika chikhale m'thumba, afike dzulo lake osati m'mawa wa tsikulo, ndipo atenge juzi. Mwana wa kuchigwa akakwera kumtunda mu Juni amanjenjemera, ndipo ofunsa sadziwa kuti ndi mphepo kapena mantha.

Mtsikana uja ndinapita kukamupepesa pamaso pa makolo ake. Sizinali zophweka, mphunzitsi wa imvi zoyamba kupepesa mwana wa dzulodzuloli, ndipo bambo ake anachita kundiletsa kuti aphunzitsi musatero. Koma ndinatero ndithu. Chaka chotsatira, mu 2025, anafunsiranso malo. Ulendo uno sindinamulembere kanthu. Ndinangomukhazika pa mpando uja kasanu konse n'kumamufunsa za kukampu mpaka anasiya kuyang'ana pansi. Atabwerako ku intavyu anabwera yekha kunyumba, chikwama chili kumsana. Akuti atawafotokozera za usiku wa mlongo wake uja, anamufunsa kuti paketi imodzi ya Thanzi amasungunula m'madzi ochuluka bwanji, iye n'kuyankha kuti lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo anapitiriza kuwauza zizindikiro zomwe anaonera kuti mwanayo madzi akumuthera m'thupi: maso kulowa, khungu kusabwerera ukalitsina. Dzina lake linatuluka. Bambo ake anabwera ndi nkhuku kukhwapa, ndipo zomwe ananena ndi liwu limodzi lokha, "Takhuta." Nkhukuyo ndinalandira, koma mumtima ndimadziwa kuti banja lija ndinalidyera mbuzi ndi chaka chathunthu.

Pepala la mayankho khumi lija ndikadali nalo m'kabati. Chaka chilichonse ndimawawerengera a folomu 4, amaseka, kenaka ndimawauza kuti analemba ndine komanso zomwe linachita.

Tsono pempho langa lili kwa inu ana anga akale amene muli anamwino, aphunzitsi, alangizi ndi apolisi m'maboma osiyanasiyana. Ana athuwa atizolowera, ndipo tikawafunsa ife saopa mokwanira. Mukabwera ku tchuthi kudzaona makolo, tipatseniko Lachisanu limodzi masana, mudzakhale kuseri kwa tebulo lija ngati alendo. Mpando tikusungirani.