Nthenga za Nkhanga pa Phiri la Zomba

Ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe, kufupi ndi Chipata, kumene mnyamata aliyense adziwa kuti nsomba imakodwa ndi nyongolotsi kapena ndi mono, ndipo kuti ikakodwa, ulendo wake ndi wa mumphika. Tsono pamene mwana wa mlongo wanga, amene akhala ku Zomba m'dziko la Malawi, anandiuza kuti pamwamba pa phiri pali anthu owedza ndi nthenga za mbalame, ndinayesa kuti alikundiseka poona kuti ndine mlendo. "Amalume," anatero, "mawa ndi Loweruka, tsiku limene a kalabu ya owedza amasonkhana. Tikwere mukadzionere nokha."

Zomba unali likulu la Malawi kufikira caka ca 1975, ndipo mzindawo uli m'tsinde mwa phiri monga mwana pamiyendo ya amake. Mseu wokwera ndi wokhotakhota kwambiri. M'mbali mwake ana anali kutithamangira ndi timbale ta mabulosi, koma ine maso anali kuphompho, ndi korona m'manja. Pamwamba pake, mamita ngati 1,800 kucokera pa nyanja yamcere, mphepo inandilasa m'mafupa ngakhale kunali dzuwa. Kumeneko, pakati pa mitengo ya paini, kumayenda kamtsinje ka Mulunguzi, ka madzi oyera ndi ozizira kotero kuti mano amacita dzanzi.

Kuzizirako ndiko kunabweretsa nsomba yochedwa trout. Kwao kwenikweni kwa mtundu umene ndinaona ndi ku mitsinje ya kumadzulo kwa North America. Azungu a m'masiku a utsamunda, polakalaka masewera a kwao, anabwera ndi mazira ake nawaika m'mitsinje ya m'mapiri: ku Zomba, ku Nyika, ndi ku Nyanga m'dziko la Zimbabwe. Nsombayi siipirira monga mlamba, umene umakhala ndi moyo ngakhale m'thope. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, ndipo akada ndi dothi mazira ake amafa.

Pansi pa mtengo, pafupi ndi dziwe, tinapeza mkulu wina wa imvi atakhala pa kampando, patsogolo pake pali kathebulo. Ndiye amene anali kumangira a kalabu nyambo zao, zimene iwo amazicha nchenche. Anatilandira ndi ulemu, ndipo atamva kuti ndine katekisiti, anati, "Khalani apa, Aphunzitsi, lero muphunzire ndinu."

Anapana mbedza yaing'ono ngati njere ya mpunga m'kacitsulo, nayamba kuikulunga ndi ulusi. Anatenga ubweya pang'ono naupota kuti ukhale thupi. Kenaka anasankha nthenga ya m'khosi mwa tambala, naizunguliza pa mbedza kufikira tsitsi lake linaima ngati miyendo ya kacirombo. Mapiko anawadula ku nthenga ya nkhanga, yamawangamawanga ija imene ife timataya kudzala tikatha kusosola. Zala zake zinali zokhakhala ngati za mlimi aliyense, koma sizinanjenjemere. Posakhalitsa anandiika m'dzanja kanthu kamene ndikadakapeza m'nsima ndikadakankha mbale.

M'kabokosi kake munali mitundu yambiri. Ina imayandama pamwamba pa madzi, ina imamira kuti ifanane ndi mphutsi zokhala pansi pa miyala. Anandionetsa ina yochedwa Coachman, ya thupi la nthenga ya pikoko ndi mapiko oyera, imene inacokera ku England kalekale. Koma imene anainyadira inali yakeyake, yofanana ndi inswa, zimene iye anazicha ngumbi, pakuti mvula yoyamba ikagwa ndipo inswa zikagwera m'madzi, nsomba siziyang'ananso cina. Luso lonse, anatero, siliri m'zala koma m'maso: usanamange, uyambe wakhala pa gombe, utembenuze miyala, uone cimene nsomba zilikudya tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuponya kwake nakonso n'kwacilendo. Ife timamanga kamwala kapena kacitsulo kuti nyambo ipite patali. Apa nchenche iribe kulemera konse. Colemera ndi cingwe. Munthu amaciyendetsa m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, kufikira citatambasuka, ndipo nchenche imatera pa madzi mwakacetecete. Bambo wina wa kalabu anandibwereka ndodo yake. Ndinakola nthambi kawiri, ndipo kacitatu ndinakola cisoti canga, anthu onse nafa nako kuseka.

Ndivomere kuti mumtima ndinali ndi cikaiko. Petro ndi Andrea anali asodzi a makoka. Sananamize nsomba ndi cakudya cabodza. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti nyongolotsi yanga ya ku Lutembwe nayonso imabisa mbedza, ndipo nkhaniyo ndinaisiya pomwepo.

Cimene sindinathe kucisiya ndi ici. Dzuwa litapendeka, bambo uja anakola nsomba yokongola, ya mzera wofiirira m'nthiti, yokwanira ndiwo za banja lonse. Ananyowetsa manja, naicotsa mbedza mosamala, naibweza m'madzi. Ine ndinaimirira osadziwa. Ndinakumbukira mabanja a ku parishi kwathu amene amatha mwezi osalawa nsomba, ndipo ndinati kwa mkulu uja, "Bambo, kodi uku si kusewera ndi cakudya?"

Sanakwiye. "Aphunzitsi, kale tinali kutenga, pakuti zinalipo. Lero tikatenga iyi, mawa tiwedza ciani?" Analoza citunda ca patsidya, pamene panali zitsa zokhazokha ndi phulusa la moto wolusa. Mitengo ikapita, anatero, mthunzi umacoka pa mtsinje, madzi amafunda, mvula imakokolola dothi. Trout ndiyo imayamba kufa, cifukwa ndi yosapirira. Zina zimatsatira pambuyo. Ana ake onse anakana kuphunzira nchito ya nthenga, poona kuti owedza alikucepa caka ndi caka.

Sindinganene kuti anandigonjetsa kotheratu. Masewerawa ndi a anthu okhuta, ndipo ndodo imodzi ingagule matumba angapo a cimanga. Komabe madzulo mphwanga ananditengera pamalo ochedwa Emperor's View, pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inaceza m'Malawi mu 1965. Kucokera pamenepo tinaona phiri la Mulanje, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira kum'mawa. Mphwanga anandilondolera ndi cala njira ya madzi: Mulunguzi amadzaza damu limene mzinda wa Zomba umamwa, natsikira mu Likangala, ndipo Likangala amathira mu Chilwa, kumene asodzi osauka amagwira matemba. Nyanjayo inauma mu 1995, ndipo mabwato anakhala pa dothi long'ambika. Madzi amene bambo uja anabwezamo nsomba yake ndi omwewo amene mai wogulitsa matemba pamsika amadalira.

Potsazikana, mkulu uja anandipatsa inswa yake ya nthenga, nakana ndalama. Nditafika kwathu ndinadikira kuti ciletso ca kuwedza, cimene cimayamba pa 1 December, cithe kumapeto kwa February, ndipo ndinapita nayo ku Lutembwe pamodzi ndi mdzukulu wanga. Madzi anali ofiira ndi dothi la m'minda, ndipo palibe nsomba imene inaiona. Mnyamatayo anakumba nyongolotsi, ndipo tinabwera ndi milamba iwiri.