Njira Zosadutsana pa Mkuwa

Mmisiri wa mawailesi akafuna kudzipangira yekha bolodi la zipangizo zamagetsi kunyumba, amayamba ndi kabolodi kokutidwa ndi mkuwa mbali imodzi, mkuwa wopyapyala kotero kuti mabolodi 28 ndiwo angapereke milimita imodzi. Pamkuwapo amajambula ndi inki njira zoti magetsi adzeremo, ndipo akaviika bolodilo m'mankhwala a ferric chloride, mankhwalawo amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa. Mneni woti "kudya" apa wakhala pamalo pake, pakuti chodyedwacho sichibwereranso. Luso la mabolodi otere analiyesa Paul Eisler, injiniya wa ku Austria, pa wailesi imene anapanga ku England m'chaka cha 1936.

Tsono chimene chimamsoŵetsa tulo mmisiriyu si mankhwala ayi, koma lamulo lakuti njira ziŵiri zisadutsane. Papepala mizere imadutsana popanda mlandu, koma pamkuwa ikangokhudzana yasanduka njira imodzi. A kufakitale amasanjikiza mkuwa kangapo. Iye ali ndi mbali imodzi yokha. Motero amakhala nthaŵi yaitali akusuntha zipangizo, akutembenuza resistor kuti njira ina idzere pansi pake. Miyendo ya kachipangizo konga 555 imatalikirana mamilimita 2.54, ndipo pulogalamu ya pakompyuta monga KiCad imalola kudutsitsa njira pakati pake. Iye amakana. Amadziŵa kuti inki yosamutsidwa ndi simbi yositira imafalikira, ndiponso mankhwala amadyerera m'mphepete mwa njira, kotero kuti njira yoonda imaduka posaoneka ndi maso. Amaikulitsa kufika pafupifupi milimita imodzi, bolodi likule likule.

Nthaŵi zina khama lonse limalephera, ndipo kulepherako sikuchokera kwa iye. Kazimierz Kuratowski wa ku Poland anafotokoza m'chaka cha 1930 maukonde amene sangajambulike pamalo afulati popanda kudutsana: nyumba zitatu, iliyonse yokhala ndi njira yakeyake yopita ku zitsime zitatu, ndi chitsanzo chake. Pamenepo mmisiri amaboola timaenje tiŵiri, nadumphitsa kawaya kumtunda kwa bolodi. Ena amachita nako manyazi kawayako, koma manyaziwo ngachabe, chifukwa masamu anagamula kale.

Chotsala ndi kukumbukira kuti pojambula ndi dzanja pamkuwa akuliona bolodi chakunsi, kumanja kutasanduka kumanzere. Woiŵala zimenezi amazindikira ataboola kale maenje onse, mwendo woyamba wa 555 utagwera pamalo a mwendo wa 8.