Neria anafika ku Cateme

Madzulo ena ku Cateme, m'kanyumba koonetsera vidiyo, anyamata anang'ung'udza kuti mwini malo waika filimu yopanda nkhonya. Koma azimayi amene anakhala kumbuyo, ana ali kumsana, anangoti chete.

Filimuyo inali Neria, ya ku Zimbabwe, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake analemba ndi Tsitsi Dangarembga, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye anasewera ngati Neria, mayi amene mwamuna wake anamwalira pangozi. Misozi isanaume, mlamu wake Phineas anatenga buku la kubanki, katundu wa m'nyumba ndi ana omwe. Neria analira ndithu, koma kenaka anakamang'ala kukhoti ndipo mlandu unamukomera.

Pakati pa oonerawo panali mayi wina wamasiye. Banja lake ndi limodzi mwa mabanja oposa 700 amene anasamutsidwira ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 chifukwa cha migodi ya malasha ku Moatize. Chimwalirire mwamuna wake, akuchimuna ankangofunsa za makiyi.

M'mawa mwake mlamu uja atabweranso, mayiyo anayala mkeka, nagwada mwaulemu, nati: "Alamu, nyumbayi ndi ya ana a achimwene anu. Ngati pali nkhani, tiyeni kwa amfumu." Makiyi sanapereke.

Eni mavidiyo, kuyambira ku Moatize mpaka ku Zóbuè, musamangoika zomenyana zokhazokha. Pali amayi ena amene akufunika kumuona Neria, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.