Zimene tinauza omvela athu za Mercury

Pa pulogilamu yathu ya acinyamata ya pa Ciwelu masana panali mphindi zisanu zimene sitinali kudziwa cocita nazo. Nkhani za mpila zatha, mlendo amene tinaitana walephela kubwela cifukwa ca ya basi, nyimbo tazilizamo kale kawili. Ise ndise atatu, odzipeleka cabe, palibe amene alandila malipilo. Conco tsiku lina mmodzi wa ise anatsegula foni, anapeza ma horoscope pa intaneti, n'kuyamba kuwelenga pa maikolofoni uku amasulila m'Cinyanja. Mafoni anayamba kulila nthawi yomweyo. "Ine ndine Leo, nanga ine bwanji?" Cigawo cimene tinayamba moseka cinakhala cimene anthu anali kuyembekezela maningi.

Kwa miyezi ingapo zinayenda conco. Tinali kuwelenga mau amene ise eni ake sitinali kuwamvetsa. Mars square Venus. Saturn opposition Moon. Mercury retrograde. Tinali kuwachula na mau akuya monga madokota, ndipo tikatseka maikolofoni tinali kufa nazo nseko.

Ciwelu cina tinawelenga kuti Mercury ili mu retrograde, conco musasaine pepala iliyonse, musayambe nchito yatsopano, yembekezani masabata atatu. Patapita mwezi, mtsikana wina anatumiza uthenga wautali pa WhatsApp ya pulogilamu. Anakamba kuti anaitanidwa kukasaina kontilakiti ya nchito yogulitsa mu shopu ina m'tauni, nchito yoyamba cimalizile Giledi 12. Atamvela ise, anatumila abwanawo foni n'kunama kuti kuli malilo kumudzi, adzabwela pakapita masabata atatu. Pamene anapita anapeza wina wayamba kale. Sanatitukwane. Anafunsa cabe kuti, "Akulu, manje Mercury inaleka kubwelela kumbuyo? Niyambe kusakila ina?"

Uthenga umenewo tinauwelenga tonse atatu, foni ikuyenda dzanja na dzanja, ndipo palibe amene anaseka. Kukamba zoona, funso lake sitinakwanitse kuyankha. Sitinali kudziwa olo pang'ono kuti retrograde ni ciani. Masatifiketi athu a ku koleji si a sayansi, koma kuwelenga tidziwa. Tinapangana kuti tisatsegulenso pakamwa pa nkhaniyi mpaka titaiphunzila. Zimene tinapeza ni izi.

Yelekezani kuti mwaimilila pakati pa wochi yaikulu ya manja. Dzuwa, mwezi na mapulaneti onse tikawayangana kucokela pano padziko, amayenda mumzele umodzi wozungulila thambo, monga manambala a pa wochi. Mzelewo uli na madigili 360. Anthu a ku Babulo anaugawa m'zigawo 12 za madigili 30, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo ndiye kumene kunacokela Aries, Taurus, Leo na zinzake. Mau akuti aspect atanthauza cabe mpata umene uli pakati pa mapulaneti awili pa mzelewo. Manja a wochi akakhala pamodzi monga pa 12 koloko, ni conjunction, madigili 0. Pa 2 koloko ni sextile, madigili 60. Pa 3 koloko ni square, madigili 90. Pa 4 koloko ni trine, madigili 120. Pa 6 koloko, dzanja lina kumwamba lina pansi, ni opposition, madigili 180.

Claudius Ptolemy, amene anali kukhala ku Alexandria m'dziko la Egypt m'zaka za m'ma 100, analemba za mipata imeneyi m'buku lake lochedwa Tetrabiblos. Iye anati trine na sextile ni zogwilizana, square na opposition ni zokangana. Mpaka lelo ma app a pa foni atsatila maganizo amenewo. Akati Mars square Venus, atanthauza kuti pulaneti imene Aroma anaipatsa dzina la mulungu wa nkhondo ili pa madigili 90 kucokela ku pulaneti imene anaipatsa dzina la mulungu wamkazi wa cikondi, ndiye amati mudzayambana na cibwenzi canu. Madigili 90 amenewo ni oona, munthu angawapime. Zoyambana na cibwenzi ni tanthauzo limene anthu anaikapo.

Cinatidabwitsa n'cakuti ma aspect tinali kuwaona ciyambile ubwana popanda kudziwa maina ake. Mwezi ukakhala wathunthu, umatuluka kum'mawa pamene dzuwa likulowa kumadzulo. Imeneyo ni opposition. Ukakhala hafu, ni square. Ukasowa kumwamba masiku a mdima, uli kumbali imodzi na dzuwa, ni conjunction. Zonsezi zimabwelezeka pa masiku 29 na hafu. Ambuya athu anali kuwelenga miyezi na cimeneci popanda app iliyonse.

Amene tili m'zaka za m'ma 30 tikumbukila conjunction yaikulu kupambana zonse. Pa 21 June 2001, ca m'ma 15 koloko, mwezi unaphimba dzuwa lonse pamwamba pa Lusaka. Kunada kwa mphindi zitatu na pang'ono, nkhuku zinayamba kulowa m'khola, ise ana tinali kulimbilana magalasi a pepala. Akulu ena anaopa, anatitsekela m'nyumba. Koma tsiku na ola zinali zodziwika kale zaka zambili m'mbuyomo, ndiye cifukwa cake alendo anadzaza mahotela. Ngakhale Ababulo anali kudziwa kuti kadamsana amabwelezeka pakapita zaka 18 na masiku pafupifupi 11. Ici cinatiphunzitsa kuti zakumwamba zimayenda mwa ndondomeko, ndipo munthu wodziwa masamu angakuuzeni kumene pulaneti idzakhala zaka 100 kutsogolo.

Ndondomekoyo imabwela cifukwa pulaneti iliyonse ili na liwilo lake pozungulila dzuwa. Mercury imamaliza ulendo wake pa masiku 88. Venus pa masiku 225. Dziko lathu pa caka cimodzi. Mars pa masiku 687. Jupiter imatenga zaka pafupifupi 12, ndipo Saturn zaka 29 na hafu. Zili monga othamanga pa bwalo: wothamanga kwambili amapeza mnzake, amamupitilila, amazungulila, n'kudzamupezanso. Jupiter imapeza Saturn kamodzi pa zaka pafupifupi 20. Zinakumana pa 21 December 2020, ndipo zinayandikana kwambili cakuti zinali kuoneka monga nyenyezi imodzi kumadzulo dzuwa litalowa. Kuyandikana kotelo kunacitika komaliza mu 1623. Zidzakumananso mu 2040. Koma kukumanako ni kwa maso athu cabe. Usiku umenewo Saturn inali kumbuyo kwa Jupiter na makilomita opitilila 700 miliyoni, monga mmene mtengo wa pafupi ungaonekele kuti wakhudza phili limene lili kutali.

Manje tibwele kwa Mercury. Munakwelapo minibasi pa Great East Road, dilaiva wanu n'kuyamba kupitilila inzake? Mukayangana pa windo, ija inayo imaoneka monga ikubwelela kumbuyo, koma zonse ziwili zikupita kutsogolo. Retrograde ni imeneyo. Mercury imathamanga kupambana dziko lathu ndipo njila yake ili mkati, pafupi na dzuwa. Ikamatipitilila, imaoneka monga yatembenuka pa mzele wa nyenyezi. Zimacitika katatu kapena kanayi pa caka, kwa masabata pafupifupi atatu. Mercury sinabwelelepo kumbuyo olo kamodzi. Nanga za kusasaina mapepala zinacokela kuti? Kwa Aroma, Mercury anali mulungu wa malonda na mthenga wa milungu. Conco anthu anaganiza kuti pulaneti ya dzina lake ikaoneka ikubwelela, malonda na mauthenga nazonso zisokonekela. Mtsikana uja anataya nchito cifukwa ca dzina limene anthu akale anapatsa kadontho ka kumwamba. Ndipo ngati tiwelengela bwino, masabata atatu katatu pa caka ni miyezi iwili yathunthu. Ndani mu Lusaka muno angakwanitse kukhala miyezi iwili caka ciliconse osasaina ciliconse, osayamba ciliconse, uku landilodi agogoda pa citseko?

Pali cimodzi cimene cinatikhudza ise eni ake, ndipo tifunika kuvomela. Amacicha Saturn return. Popeza Saturn imazungulila pa zaka 29 na hafu, imabwelela pamalo pamene inali tsiku limene munabadwa mukafika zaka 29 kapena 30. Okhulupilila nyenyezi amati imeneyo ni nthawi ya mayeso, pamene umoyo umakufunsa kuti wacita ciani. Amakambanso za masitepe a m'njila: square pa zaka 7, opposition pa zaka 14 kapena 15, square ina pa zaka 21 kapena 22. Titawelenga izi tinayanganana. Pa zaka 7 tinalowa Giledi 1. Pa 15 kunali mayeso a Giledi 9 na thupi losintha. Pa 22 tinali na satifiketi m'manja, tikuyenda ofesi na ofesi na envelopu ya khaki. Pa 29 amalume anayamba kufunsa za ukwati, anzathu ena anagula mapuloti, ise tikali kubweleka ya basi kuti tikafike ku wailesi. Zinaoneka monga Saturn itidziwa bwino.

Koma titaganizilapo, tinaona pamene pali msampha. Aliyense wobadwa caka cimodzi na ise ali na Saturn return pa nthawi yofanana. Amene ali na nyumba ku Kabulonga, amene agulitsa salaula ku Soweto Market, amene alima fodya ku Chipata, amene ali m'ndende, onse. Zaka 29 ni zolema cifukwa ca zimene acibale, cuma ca dziko na mitima yathu zimayembekezela pa msinkhu umenewo. Saturn imangokhala monga wochi ya pa cipupa. Wochi ikakwana 13 koloko mumamva njala, koma njalayo siicokela m'wochi.

Asayansi anayesapo nkhaniyi. Mu 1985, magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Shawn Carlson. Akatswili a astrology anapatsidwa chati ca kubadwa kwa munthu pamodzi na malongosoledwe atatu a khalidwe, kuti asankhe amene ni a mwini chatiyo. Zotulukapo zake sizinapambane kungolotela. Tinapezanso kuti dziko lathu limagwedezeka pang'onopang'ono monga nguli, ndipo kugwedezeka kumodzi kumatenga zaka pafupifupi 26,000. Cifukwa ca ici, zigawo 12 zija zinasuntha na madigili pafupifupi 24 kucoka pa magulu a nyenyezi amene zinatengako maina. Ambili amene amati "ndine Leo" anabadwa dzuwa lili kutsogolo kwa nyenyezi za Cancer.

Sitikamba izi kuti tiseke aliyense. Ise tinali oyamba kugwa m'mbuna, ndipo tinakokelamo ena. Timvetsa cifukwa cake munthu amatsegula app m'mawa. Ukakhala kuti watumiza makalata ofunsila nchito makumi angapo popanda yankho, n'kosangalatsa kumva kuti mavuto ako ali na tsiku lothela, kuti pulaneti ikasuntha zinthu zidzamasuka. Makolo athu nawonso anali kuyangana kumwamba n'kupeka nkhani. Anyanja akale anali kusimba kuti mwezi uli na akazi awili: wa kumadzulo, nyenyezi yowala ya madzulo, amaudyetsa bwino ndiye umanenepa, ndipo wa kum'mawa, nthanda, amaumana cakudya ndiye umaonda. Zoona zake n'zakuti akazi awiliwo ni pulaneti imodzi, Venus, imene nthawi zina imaoneka madzulo ndipo nthawi zina m'mamawa. Nthanoyo ni yokoma ndipo imathandiza mwana kukumbukila mmene mwezi umasinthila. Koma palibe kholo limene linaleka kubyala mvula itagwa cifukwa mwezi wamanidwa nsima.

Mtsikana uja tinamutumila foni tisanapite pa mphepo. Tinamuuza za minibasi ziwili zija, ndipo tinapepesa. Anakhala cete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ninanama malilo pa zinthu za zii?" Tinati inde, ndipo colakwa cacikulu ni cathu. Ciwelu cotsatila tinapepesa kwa omvela onse, osachula dzina lake. Ena anakwiya kuti tacotsa cigawo cao. Mnyamata wina anatiuza kuti iye amadziwa kuti ni zoseketsa cabe, tilekelenji? Tinamuyankha kuti maikolofoni siisankha khutu. Amene akuseka na amene ali na kontilakiti m'manja amamva mau amodzimodzi.

Mphindi zisanu zija tikali nazo. Masiku ano timauza anthu zimene angaone na maso ao sabata imeneyo: mwezi udzakhala wathunthu liti, Venus ili kum'mawa kapena kumadzulo, cija cowala pamwamba ca m'ma 21 koloko ni Jupiter kapena ni ndeke. Malaiti akapita mu komboni, thambo limaoneka bwino kwambili, ndipo ana amatitumila mauthenga kuti aipeza. Mtsikana uja akali kusakila nchito. Tinamuthandiza kukonza CV yake pa kompyuta ya ku wailesi, ndipo tinamuuza kuti akamuitana apite tsiku lomwelo, olo Mercury ikhale kuti.