Zimene Ndaphunzira Pophika Zigumu ndi Ana Aang'ono

Kwathu kuno Khirisimasi imafika pa nthawi yothina. Ndalama zimakhala zitapita ku feteleza ndi mbewu, chimanga m'nkhokwe chatsala cha pansi, ndipo Januwale wa fizi ndi yunifolomu ali pakhomo penipeni. Mwana wa zaka zisanu zonsezi sizimukhudza, iye amangowerenga masiku ndi anzake. Ine ndili ndi ana atatu, mzime wangoyamba kumene sukulu ya mkaka, ndipo izi ndi zimene ndaphunzira pophika nawo pakhonde pathu ku Zomba.

1. Poto, chivindikiro ndi makala ndi uvuni wokwanira. Magetsi amatha kuthima keke ikungoyamba kufufuma, pomwe mbaula ukaidziwa sikhumudwitsa. Lamulo lake ndi limodzi: moto wambiri pamwamba, wochepa pansi. Makala akayaka mpaka kuyera, ndimachotsa ambiri n'kuwaika pa chivindikiro, pansi n'kusiya ochepa okwiriridwa ndi phulusa. Moto wa pansi ukachuluka, chigumu chimapserera kunsi m'kati muli phala. Ena amathira mchenga mu poto wamkulu n'kukhazikamo kapoto ka chigumu kuti kutentha kufike ponseponse mofanana, ndipo njira imeneyi ndi yabwino kwambiri pa keke.

Chigumu chathu chimafuna makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa mpaka makoko kuda, masupuni atatu a shuga, kamchere, theka la kasupuni ka soda, mafuta pang'ono, ndi chambiko chokwanira kuti mthiko uziyenda koma movutikirako. Dzira likakhalapo ndi bwino, likasowa chigumu chimakomabe. Mphindi 20 zoyamba osavundukula, ngakhale ana akakamire chotani, chifukwa mphepo ikalowa chimaphwa pakati. Zikakwana mphindi 40 ndimabaya ndi mpeni. Ukatuluka wouma, ndiye kuti chapsa.

2. Soda si wongowaza. Iye amafuna chowawasa kuti agwire ntchito: chambiko, madzi a mandimu, kapena nthochi zakupsa kwambiri. Akakumana nacho amatulutsa mpweya, ndipo tithovu timeneto ndi timene timafufumitsa ufa. Akachuluka, wotsalayo amasiya kakomedwe ka sopo m'kamwa ndipo chigumu chimada mtundu. Baking powder wa m'chitini ali kale ndi chowawasa chake, n'chifukwa chake amalola mkaka wamba. Yisiti ndi nkhani ina. Ndi wamoyo, amafuna madzi ofunda, ndipo madzi otentha amamupha. Mu Juni, nkhungu ikakuta phiri, mtanda wa mandasi umachedwa kufufuma, choncho ndimaufunditsa nsalu n'kuuika chapafupi ndi mbaula.

Zimenezi ana amazimva bwino akaziona ndi maso. Thirani soda mu kapu, mwana afinyiremo ndimu. Thovu litasefukira pa mphasa, chisamba wanga anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti m'chigumu timadyamo mpweya?" Kuyambira pamenepo akanyema chigumu amayamba wasuzumira timabowo ta m'kati.

3. Mwana apatsidwe ntchito yeniyeni. Pa zonse zomwe ndalemba pano, ichi ndiye ndimachigwiritsitsa. Ana amazindikira msanga ukawapatsa kanthu kongowatangwanitsa kuti asakusokoneze, ndipo pakangopita kanthawi amakataya n'kuyamba kulimbana. Koma ntchito yoti ikapanda kugwiridwa chigumu sichipsa, amaigwira ndi mtima wonse. Mzime amasenda nthochi ndi kuzinyenya ndi manja osamba. Wachiwiri amasefa ufa, lichero lili pansi kuti wotayika tiuwole. Chisamba amayeza makapu ndi kuyang'ana mphindi pa foni, ndipo theka ndi kota anazidziwira pamenepa asanaziphunzire m'kalasi.

Ntchito imachedwa, inde, ndipo ufa umafika mpaka m'tsitsi. Mandasi awo amatuluka ena aatali, ena opindika, ena onenepa mbali imodzi. Sindiwawongola. Mwana amalizindikira lomwe waumba yekha ngakhale lili pakati pa beseni lodzaza, ndipo amafuna bambo ake adye limenelo osati lina. Ukaliumbanso iye akuona, wamuuza kuti manja ake sanakwane, ndipo ulendo wina sabweranso.

Wachiwiriyo ndi mnyamata, ndipo alipo achibale amene amafunsa kuti akutani kukhitchini. Ndimawayankha mwaulemu kuti tsiku lina adzakhala payekha kusukulu kapena kuntchito, ndipo ndikufuna adzathe kudziphikira ndi kuphikira ena akadwala.

4. Pa moto palibe zokambirana. Ndikamakazinga mandasi kapena zitumbuwa, ndimalemba mzere pansi ndi khala, ndipo mwana aliyense amaima kuseri kwake. Chogwirira cha poto chimaloza kukhoma. Sindikazinga ndili ndi mwana kumbuyo. Mwana akapsa, pomwe wapsapo pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala likakhala lalikulu, kapena lili kumaso ngakhale m'manja, thamangirani kuchipatala. Ndipo kuzizire bwanji mu Juni ndi Julayi, mbaula isagone m'nyumba yotseka. Mpweya wa makala ulibe fungo, umapha anthu ali m'tulo.

5. Nyengo ndiyo imatiuza chophika. Ana anga amadziwa miyezi chifukwa cha zomwe zili mu lichero. Mvula ikayamba amatola ngumbi, ndipo Disembala yense milomo imakhala yachikasu ndi mango ndi masuku. Febuluwale ndi Malichi ndi wa mondokwa. Pasaka imagwa mu Malichi kapena Epulo, maungu ali mbwee, choncho timaphika dzungu, kulinyenya n'kulisakaniza mu mtanda wa masikono, omwe amatuluka ofewa ndi achikasu popanda kuthira mazira ambiri.

Kuyambira Meyi mbatata ndi mtedza watsopano zimadzaza msika. M'mawa ndi futali, ndipo mbatata yofiira m'kati, yomwe ili ndi vitamini A, ndimaiphika n'kuilowetsa m'malo mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa wa tirigu. Mandasi ake safuna shuga wambiri. Ndiwo timamwera tiyi pa 6 Julayi, tsiku lomwe Malawi adalandira ufulu mu 1964, ana atajambula mbendera pa mapepala a m'makope akale: chakuda, chofiira, chobiriwira, ndi dzuwa lotuluka, lomwe mzime amalipatsa maso ndi pakamwa.

Okutobala akatentha timachepetsa zowotcha, timatembenukira ku thobwa. Chimera timapanga tokha. Timanyika mawere, kuwavuula, kuwafunditsa thumba lonyowa, ndipo m'mawa uliwonse ana amathamanga kukavundukula kuti aone ngati timizu tatuluka. Akamera timayanika n'kusinja. Mwana amene waona mawere akumera sakana thobwa ngakhale anzake ali ndi mabotolo a zakumwa zogula.

6. Khirisimasi imayamba mu Seputembala. Tirigu wambiri amene timadya amachokera kunja, choncho mtengo wa ufa wake umatsata ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya ufa, mafuta ndi zina idalumpha kutatsala milungu yochepa kuti tsikulo lifike. Ine ndimagula pang'onopang'ono: shuga mwezi uno, mafuta mwezi wamawa, mpunga wa Kilombero usanakwere mtengo. Ndalama za banki m'khonde zikagawidwa mu Disembala, ndimayamba ndapatula za fizi, zotsalazo ndiye za zovala. Tambala wa Khirisimasi timamugula akadali wamng'ono ndipo ana ndiwo amamupatsa madeya, koma ndimawauza kuyambira tsiku loyamba chomwe tamugulira. Kuwabisira n'kuwapweteka mtima pa tsiku lomwe amayenera kusangalala.

7. Mbale yoyamba ituluke pakhomo, ndipo oinyamula akhale ana. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Aneba athu a kumtunda ndi Asilamu. Pa Idi amatitumizira mpunga ndi nyama, ndipo pa Khirisimasi ife timawatumizira mandasi ndi chigumu, osati nkhuku yomwe sanazinge okha, kuti adye ndi mtima umodzi. Ana amapita awiri, mbale yovindikira bwino, kuodira, kugwada, n'kunena kuti, "Amayi akuti mulaweko." Pobwera amafotokoza zonse, mpaka mawu omwe ayankhidwa.

Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, chitenje cha agogo awo ndimagula ine, koma chigumu amaphika adzukulu. Agogowo amachilandira ndi manja awiri, kuchinunkhiza, kunyema kachidutswa, n'kufunsa kuti, "Wasefa ufa ndani?" Mnyamata wanga amayankha motsitsa mawu, "Ine, agogo." Iwo amaomba m'manja: "Ee, amuna anga, mwandidyetsa lero!" Ndiye amaitana aliyense wodutsa pa njira kuti adzalawe, n'kumatchula dzina la mwana aliyense ndi ntchito yomwe wagwira.

8. Khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu chifukwa umatsamwitsa. Wake ukhale nsinjiro kapena chiponde. Mtedza wofota, wakuda kapena wachuku tayani musanasinje, pakuti poizoni wa chuku safa ndi moto ndipo amawononga chiwindi.

9. Ngakhale pa tsiku lachikondwerero, mimba ndi tulo ta mwana sizisintha. Mapemphero a Khirisimasi amatalika, ndipo mpunga wa nkhuku umapsa dzuwa litapendeka, choncho ana amamwa phala m'mawa asanavale zatsopano. Nsapato zatsopano amaziyamba kuvala m'nyumba masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti zisakawatupitse matuza pa njira ya kutchalitchi. Fanta amabwera chakudya chikatha. Mzime amagona masana monga mwa masiku onse, ngakhale nyumba idzaze alendo ndipo azakhali ake adandaule kuti sanamunyamule mokwanira. Akagona, madzulo amavina nawo mpaka kumapeto.

Keke ya ufa wa tirigu, majarini ndi mazira ndimaisungira masiku obadwa. Ana amaona pa foni makeke osanjikizana okhala ndi zidole pamwamba, ndipo amafunsa. Ndimawauza zoona, kuti imeneyo sitingakwanitse, koma mwini tsiku ndiye asankhe chothiramo: nthochi, chiponde kapena khungu la ndimu lopala. Wobadwa nthawi yotentha sitimupakira zotsekemera za majarini pamwamba chifukwa zimasungunuka alendo asanakhale pansi. Timangosungunula shuga m'madzi a ndimu n'kuthira pa keke ikadali yofunda, ndipo mwini wakeyo ndiye amadula ndi kugawira anzake, kuyambira wamng'ono.